Khoti linamuletsa, koma akuimbabe foni: muchite chiyani?

Moni abale ndi alongo a kuno ku Joni. Lero ndikulankhula ndi inu amene munalimba mtima, munapita kukhoti la majisitireti, n'kupatsidwa chikalata chokutetezani chongoyembekezera, chija amachitcha interim protection order, koma amene ankakuzunzaniyo sanaleke. Pakati pa usiku foni ikulira, nambala yachilendo. M'mawa pa WhatsApp mwapeza uthenga: "Ndikungofuna kumva mawu a ana." Madzulo mukumuona ataima pafupi ndi pokwerera matakisi.

Yambani ndi kufunsa kalaliki wa khoti ngati munthuyo anapatsidwa chikalatacho, chifukwa chimayamba kugwira ntchito iye akapatsidwa. Kenako chiwerengeni bwino, kapena wina akuwerengereni, mudziwe zenizeni zimene khoti lamuletsa.

Akakulemberani, musayankhe. Ngakhale kumuuza kuti "ndisiye", ayi. Mtima umawawa, ndikudziwa, ndipo kuyankha kwanu sikufafaniza chikalatacho. Koma iye akufuna yankho lomwelo, kuti kukhoti akanene kuti mumacheza bwinobwino.

Ndiponso musafufute kalikonse. Jambulani uthengawo pa sikirini, nambala, tsiku ndi nthawi zioneke. Mauthenga a mawu asungeni. Zonsezo tumizani kwa munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, poti mafoni kuno amabedwa, ena amaswedwa ndi wozunza yemweyo. Akabwera pageti, lembani m'kabuku: tsiku lakuti, nthawi yakuti, ananena zakuti, anaona ndi wakuti.

Tsopano apa mpamene ife Amalawi timagwera kwambiri. Iye akaona kuti mwatseka foni, amadzera kwa anthu. Amalume akuimba kuchokera kumudzi: "Mwanawe, banja ndi kupirira, nkhani za m'nyumba sapita nazo kwa apolisi." Apongozi akulira pa foni. Mayi wina wa kutchalitchi ku Rosettenville akubweretsa thumba la zovala za ana, m'katimo muli kalata. Lamulo la kuno, Domestic Violence Act la 1998, limapatsa khoti mphamvu yomuletsanso kutuma anthu ena kuti akuvutitseni. Ngati zinalembedwa m'chikalata chanu, zimenezinso zilembeni m'kabuku kaja. Akuluakuluwo ayankheni mwaulemu: "Pepani amalume, nkhaniyi ili m'manja mwa khoti." Ankhoswe tiwalemekeze, koma sangasinthe chikalatachi. Abusanso sangathe. Ndi khoti lokha.

Nanga akaphwanya lamulolo? Pamodzi ndi chikalata, khoti limatulutsa waranti yomumangira, imene imangodikira tsiku loti walakwa. Tengani waranti, chikalata ndi umboni wanu, mupite kupolisi mukalembe sitetimenti yolumbirira. Akaona kuti muli pangozi, apolisi ayenera kumumanga. Apo ayi, amamupatsa kalata yoti akaonekere kukhoti. Akapezeka wolakwa koyamba, chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka 5, mwinanso zonse ziwiri. Wapolisi akakubwezani, pemphani kuonana ndi mkulu wa siteshoniyo. Waranti ikatayika kapena ikagwira kale ntchito, khoti limatulutsa ina mukapempha.

Ena mukuti, "Ine ndine mlendo, andimvera?" Lamuloli silinalembedwere mbadwa za South Africa zokha. Ngati nkhani ya mapepala ikukuopsani, yambani mwalankhula ndi a Lawyers for Human Rights (maloya oteteza ufulu wa anthu) kapena a POWA (bungwe lothandiza amayi ozunzidwa), onse ali mu Johannesburg momwemuno.

Ngati ali pakhomo panu pompano, musatsegule kuti mukambirane. Imbirani apolisi pa 10111. Pofuna uphungu, imbani 0800 428 428, ndi yaulere, usana ndi usiku.

Pachikalata chanu pali tsiku lobwerera kukhoti. Pemphanitu tchuthi kwa abwana, konzani wokusungirani ana, ndipo mupeze wokuperekezani, chifukwa iyenso akhoza kukhalapo. Kabuku kaja ndi zithunzi za mauthenga mupite nazo, majisitireti akazione akamaganiza zokupatsani chikalata chokhazikika.