Hedi ya injini ikadyeka ndi dzimbiri

Zikomo amayi ndi abambo, amakaniko komanso eni magalimoto. Amene muli kumbuyoko senderani kuno, chifukwa zimene ndikufuna muone pa hedi ili patebuloyi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, n'zazing'ono kwambiri.

Taonani m'mbali mwa mabowo odutsa madziwa. Timaenje takudati si tobadwa nato ayi, ndi dzimbiri ladya aluminiyamu. Ena amati aluminiyamu sachita dzimbiri. Safiira ngati chitsulo, koma amadyeka, ndipo amadyeka ngati dzino: pamwamba kabowo kakang'ono, m'kati mutafumbwa.

Chimayambitsa n'chiyani? Nthawi zambiri ndi madzi wamba amene timathira mu rediyeta. Coolant, madzi apadera oziziritsa injini aja, ali ndi mankhwala oteteza zitsulo, madzi wamba alibe, ndipo ena amakhala ndi mchere. Coolant nayenso akakhalitsa mankhwala ake amatha mphamvu. Tsono magalimoto ambiri hedi ndi ya aluminiyamu, buloko, thunthu la injini pamene hedi imakhala, ndi yachitsulo. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhala m'madzi amodzi opanda chitetezo, chimene chimadyeka ndi aluminiyamu. Chinanso ndi waya wa earth wosagwira bwino, magetsi n'kumadutsa m'madzi a injini. Injini itazizira, tsegulani rediyeta, waya wakuda wa multimeter, chida choyezera magetsi, pa negative ya batire, wofiira m'madzimo osakhudza chitsulo. Ikapitirira mavoti 0.3 kapena 0.4, fufuzani mawaya.

Tsopano mwatsegula hedi, mwapeza timaenje. Musathamangire kufunsa kuti ndi tingati. Funsani kuti tili pati. Gasiketi, imene imakhala pakati pa hedi ndi buloko, ili ndi mkombero wachitsulo wozungulira silinda iliyonse, umene umatsekera moto ndi mphamvu ya kuphulika kwa mafuta. Kabowo kakakhala pamene mkomberowu umapsinja, ngakhale kachepe bwanji, mpweya wotentha upeza njira, ndipo gasiketi yatsopano ipsa. Timaenje tikandondozana kuchokera pa bowo la madzi kupita ku silinda kapena ku bowo la oyilo, ndi vuto lomwelo. Koma kamodzi kali patokha, kutali ndi malo amene gasiketi imatseka, sikadetsa nkhawa kwenikweni.

Kuti muone bwino, tsukani kaye. Apa ndipemphe anyamata a m'magalaja: chopukutira chozungulira cha pa drill chija chisiyeni. Chimawalitsa, inde, koma chimakumba aluminiyamu mosafanana, ndipo mchenga wake ukalowa mu oyilo umakadya ma bearing. Palani zotsalira za gasiketi ndi chopalira chapulasitiki. Mukatero ikani rula yachitsulo yowongoka bwino m'litali, m'lifupi ndi mopingasa, n'kulowetsa feeler gauge, timapepala tachitsulo toyezera mpata, pansi pake. Mahedi ambiri a aluminiyamu malire a mpatawo amakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.1, koma buku la injini yanuyo ndilo linene. Ngati galimotoyo inatenthapo kwambiri, hediyo akaiyeze ndi pressure, mwina ili ndi mng'alu wosaoneka ndi maso.

Timaenje tosazama timatha ndi kupala hedi pa makina. Koma kupala kuli ndi malire. Hedi iliyonse ili ndi kukhuthala kumene siyenera kuchepera. Mukapala kwambiri compression, kupanikizika kwa mpweya mu silinda, imakwera, timing imasuntha pang'ono pa injini zimene camshaft ili pamwamba, ndipo mavavu amayandikira mapisitoni. Pa dizilo ndiye samalani, mpata wake ndi wochepa, ndipo opanga ena amaletseratu kupala. Muwauzenso a makinawo gasiketi imene mukaike, chifukwa ya zigawo zachitsulo, imene amati MLS, imafuna pamalo posalala kwambiri kuposa yofewa ija.

Akakhala maenje ozama, njira yake ndi kukumba podyekapo mpaka chitsulo choyera chioneke, kuwotcherera ndi makina a TIG owotcherera aluminiyamu, kenako kupala. Kuwotcherera pamwamba pa dzimbiri n'kutaya nthawi.

Bambo apo afunsa za epoxy, guluu wachitsulo uja. Ine ndimamulola pa kabowo ka m'mbali mwa njira ya madzi, patatsukidwa bwino ndi kusalazidwa. Pa mkombero wa silinda, ayi ndithu, kutentha kwa pamenepo sangakupirire. Ndipo ngati dzimbiri ladya paliponse, pamwamba ndi m'kati mwa njira zamadzi momwe, funani hedi ina. Musaiwale kuyang'ana pamwamba pa buloko, nayonso imadyeka.

Pomanga, mabowo a mabawuti akhale oyera ndi ouma. Mabawuti ambiri omangidwa powerenga madigiri amatamuka, choncho buku likati musinthe, sinthani. Mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, motsatira ndondomeko ya m'buku.

Mukatsuka rediyeta ndi njira zonse, thirani coolant wa mtundu umene opanga galimoto ananena, theka coolant theka madzi a distilled ngati sanasakanizidwe kale. Mitundu yosiyana musaiphatikize, ndipo musadalire maonekedwe ake, werengani pa botolo. Coolant wa mtundu wakale amafuna kusintha pakatha zaka 2, wokhalitsa amafika zaka 5. Amene mwakhetsayo ndi poizoni, komanso amatsekemera, ndiye musamusiye m'beseni pamene pali ana kapena ziweto.

Tiyeni tsopano, bwerani awiriawiri, aliyense agwire rula ndi feeler gauge ayeze yekha.