Uthenga wa mawu kwa komiti: pulogalamu yoyendetsera tsamba la mamembala

Mwaswera bwanji a Tcheyamani, mayi Msungichuma, a Mlembi ndi nonse a m'komiti. Ndajambula uthengawu chifukwa pa msonkhano wa Loweruka ku boma kuja ndinaona kuti ena mwa inu munasokonezeka nditayamba kutchula mayina a Chingerezi aja, ndiye ndati ndiyambirenso pang'onopang'ono.

Chimene tikusankha si tsamba lenilenilo ayi, koma pulogalamu imene tsamba la pa intaneti la kopaletivi yathu lidzayendere, imene amaitcha CMS. Ndiyo imene idzalole a Mlembi kulemba chilengezo cha mtengo wa mpunga wa kilombero, kulowetsa membala watsopano wa ku Bua kapena ku Mwansambo, ndiponso kuona amene sanapereke ndalama ya umembala, popanda kuitana katswiri nthawi zonse. Mapulogalamu otere odziwika kwambiri ndi atatu: Drupal ya mu 2001, WordPress ya mu 2003 ndi Joomla ya mu 2005. Onsewa ndi aulere. Ayi, ndikonze pamenepo, chifukwa mayi Msungichuma angasangalale msanga: chaulere ndi pulogalamu yokhayo. Malo osungirapo tsamba, omwe amati hosting, ndi dzina la tsambalo, lomwe amati domain, tidzalipira chaka ndi chaka. Ngati kampani ya hosting ili kunja tidzalipira mu madola, ndipo mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho funsani kaye ngati pali kampani ya konkuno yolandira makwacha.

Ine maganizo anga ndi WordPress, osati chifukwa imaposa zinazo pa chilichonse, koma chifukwa tsiku limene idzavute sitidzasowa munthu woidziwa, kaya ku Salima kaya ku Lilongwe. Joomla ili ndi ubwino wake, pakuti imabwera kale ndi njira yogawira anthu m'magulu, kuti zikalata za komiti zizioneka kwa komiti yokha, pamene pa WordPress zimenezi zimafuna kuwonjezera kapulogalamu kena kotchedwa plugin. Drupal ndi yamphamvu, koma ndi ya magulu okhala ndi katswiri wawowawo. Ndipo wina akadzabwera ndi Drupal 7 mumukane, chifukwa eni ake anasiya kuikonza mu Januwale 2025. Ndiwonjezere kuti WordPress ilipo pawiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera: pali WordPress.com, komwe kampani imakusungirani tsamba pa malamulo ake, ndiye pali ya ku WordPress.org imene mumaiika pa hosting yanu. Ine ndikunena yachiwiriyi. Yachiwiriyi, a Mlembi, mulembe.

Tsopano za mamembala. Musanagwirizane ndi womanga tsamba aliyense, mumufunse kuti membala wopanda imelo adzalowa bwanji, popeza WordPress imafuna imelo pamene munthu akudzilembetsa yekha, ndipo alimi athu ambiri ali ndi nambala ya foni basi. Mumufunsenso za kalipiridwe. Ma plugin ambiri a umembala anapangidwira anthu olipira ndi makhadi a ku banki, pamene ife ndalama zathu zimayenda pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ngati sangathe kuzilumikiza, palibe vuto, membala azitumiza ndalama monga mwa kale, mayi Msungichuma n'kumalemba okha pa tsambapo kuti walipira. Ilipo pulogalamu ina yaulere yotchedwa CiviCRM, yosungira kaundula wa mamembala ndi masiku amene umembala wawo ukuthera, ndipo imagwira ntchito ndi atatu onse aja, koma ndi yolemera, ndiye tisaithamangire. Ndipo muyesere tsambalo pa foni yotsika mtengo, muli ku munda komwe netiweki imavuta, osati pa laputopu ya womangayo, chifukwa tsamba lodzaza zithunzi limatha bandulo ya munthu asanawerenge n'komwe.

Koma chimene ndajambulira uthengawu kwenikweni ndi ichi, ndipo ndichedwapo. Funso lalikulu si lakuti pulogalamu iti, koma lakuti makiyi adzasunga ndani. Zaka zingapo zapitazo ndinali m'komiti ya gulu lina, sinditchula dzina, ndipo tinapatsa ntchitoyi mnyamata wina wanzeru ndithu, mwana wa mmodzi wa ife. Anatimangira tsamba lokongola, tonse tinaomba m'manja. Chimene sitinafunse n'chakuti domain analembetsa m'dzina la yani. Analembetsa m'dzina lake, ndi imelo yake, ndi khadi lake. Sanachite mwachinyengo ayi, kungoti ndi zimene zinali pafupi. Kenako anapita ku Johannesburg kukafuna ntchito, nambala n'kusintha. Chaka chitatha, makalata okumbutsa kulipira ankapita ku imelo yakeyo, ife osadziwa kanthu, mpaka m'mawa wina ndinatsegula foni ndili pa depoti n'kupeza tsamba loyera mbee, lolembedwa mawu ochepa a Chingerezi. Tinalembera kampani ya hosting, iwo anayankha mwaulemu kuti sakutidziwa, amadziwa mwini akaunti, ndipo sanalakwe. Kaundula yense anapita. Tinabwerera ku kope lachikuto cholimba limene a mlembi a nthawiyo anali atasiya kulembamo miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, masamba ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete, n'kuyamba kufunsa anthu mmodzimmodzi kuti kodi munalipira liti.

Ndiye ndikupempha kuti, choyamba... kapena ndinene chonchi. Tsamba lisanayambe kumangidwa, titsegule imelo ya kopaletivi, osati ya munthu. Domain ndi hosting zilembetsedwe ndi imelo imeneyo, m'dzina la kopaletivi. Pasiwedi ilembedwe papepala, iikidwe mu envulopu, isungidwe pamodzi ndi buku la ku banki, ndipo anthu awiri aziidziwa. Ndibwereze: imelo ya gulu, dzina la gulu, anthu awiri. Womanga tsamba apatsidwe akaunti yakeyake imene tingaitseke akamaliza. Pa WordPress pali maudindo asanu, kuyambira Administrator amene angathe kufufuta chilichonse mpaka Subscriber amene amangolowa n'kuwerenga. Udindo wapamwambawo ukhale wa anthu awiri okha, a Mlembi akhale Editor, amene amalemba ndi kukonza nkhani za pa tsamba, pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, mamembala akhale Subscriber. A Tcheyamani mundikhululukire, izi si zochepetsa mpando wanu, koma chala chimaterereka pa foni.

Anzathu ena a cha ku Dwangwa ndinawauza zomwezi, ndinawauzanso kuti asatenge plugin yogulitsa imene wina akuigawa ulere, chifukwa zotere nthawi zambiri zimakhala zitalowetsedwa zoipa m'kati. Iwo anati ndikuwachedwetsa. Sipanapite nthawi, mamembala awo akatsegula tsamba ankapezeka ali pa malo a juga, ndipo ndalama imene anaipewa ija anailipira kawiri kwa wokonza. Pamenepa ndikumbutsenso kuti mayina ndi manambala a foni a anthu si zoseweretsa, dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zimenezi la mu 2024, loyang'aniridwa ndi MACRA, choncho kaundula asaoneke kwa aliyense wongodutsa.

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Womangayo atisonyeze pamaso pathu mmene tingatulutsire kaundula yense kukhala fayilo yotsegula mu Excel, ndipo a Mlembi achite okha kamodzi iye akuonerera, osati iye kuchita ife tikuonerera. Mwezi uliwonse fayiloyo isungidwe pa fulashi, ndipo kope lathu la kaundula tisalitaye, tizilembamobe.

Loweruka likubwerali mayi Msungichuma mubwere ndi kaundula, tiwerenge kuti ndi mamembala angati ali ndi imelo, ndipo a Mlembi mubwere ndi foni yanu ija yakale yosweka galasi, ndi imene tikayesere. Zikomo.