Bomba Likaphulika, Kodi Ndalama ya Dziko Imagwadi?

[Pa sikirini: misewu ya Paris usiku, magalimoto a apolisi]

Lachisanu usiku pa 13 Novembala 2015, zigawenga zinapha anthu 130 mumzinda wa Paris. Lolemba m'mawa msika wa masheya unatsegulidwa monga mwa masiku onse. Mukuganiza kuti unagwa bwanji? Ndi 10 peresenti? Kapena 20? Imitsani kaye kanemayu, mulembe yankho lanu m'munsimu.

Mwalemba? Pofika madzulo a Lolembalo, mlingo wa makampani akuluakulu 40 a ku France, wotchedwa CAC 40, unali pafupifupi pomwe unatsekera Lachisanu. Sunatsike ngakhale ndi theka la peresenti.

Takulandiraninso, anzanga. Lero tikukamba za akatswiri a m'mayunivesite amene amafufuza zinthu ziwiri zooneka zosayenderana: ndale za kulimbana ndi uchigawenga, ndi misika ya mabondi komanso ndalama zakunja. Ngati ndinu atsopano, dinani subscribe panopa, chifukwa ndikayamba kufotokoza ndiiwala kukukumbutsani.

Choyamba, mwachangu. Bondi ndi chikalata cha ngongole. Boma likubwereka ndalama kwa inu, likulonjeza kukupatsani chiwongola dzanja chaka ndi chaka, ndipo nthawi ikakwana libweza zonse. Chikalatacho mukhoza kuchigulitsa kwa wina. Anthu akayamba kukayika kuti bomalo lidzabweza, mtengo wa chikalata umatsika, ndipo likafunanso kubwereka amalilipiritsa chiwongola dzanja chokwera.

Chachiwiri, ndalama zakunja. Anthu akamathawa dziko amagulitsa ndalama ya dzikolo n'kugula ina, nthawi zambiri dola. Yogulitsidwayo imachepa mphamvu. Basi. Kanema wa mwezi watha anafotokoza zimenezi bwinobwino, ali m'mwambamu.

Chachitatu, akatswiriwa amayeza bwanji? Amatenga tsiku la chiwembu, amawerengera mmene mitengo ikanayendera pakanapanda kanthu, n'kufanizira ndi zimene zinachitikadi. Kusiyana kwake ndi kumene amati kwabwera chifukwa cha chiwembucho.

Tsopano chachinayi, ndipo pano tikhalitsa, chifukwa nkhaniyi imandinyansa.

[Pa sikirini, zilembo zikuluzikulu: BODZA]

Nthawi zonse chiwembu chikachitika, pasanathe ola limodzi wina amakhala ali pa TV kunena kuti chuma cha dzikolo chatha, ndalama yake igwa, palibenso amene adzabwereketse bomalo. Ena amafika polangiza anthu kuti agulitse zonse tsiku lomwelo. Ndawerenga kafukufuku wa nkhaniyi kwa zaka zingapo, ndipo ndikunena mosabisa: m'mayiko amene chuma chawo n'chachikulu, chiwembu chimodzi pachokha sichichita zimenezo.

Ndisanapitirire, mundimvetse. Sindikuchepetsa imfa za anthu. Msika ukabwerera mwakale patatha masiku awiri, banja limene lataya mwana silibwerera mwakale. Mtengo wa bondi suyeza chisoni, umangoyankha funso limodzi: kodi bomali lidzabweza ngongole?

Tiyambe ndi London, pa 7 Julayi 2005. Mabomba m'sitima zapansi panthaka ndi m'basi anapha anthu 52. M'mawa umenewo mlingo wa makampani akuluakulu 100 a pa msika wa London, wotchedwa FTSE 100, unagwa kwambiri, paundi inatsika poyerekeza ndi dola. Koma potseka tsikulo msika unali utatsika ndi peresenti imodzi ndi pang'ono, ndipo tsiku lotsatira unabwezeretsa. Amene anagulitsa ndi mantha m'mawa uja ndi amene analuza.

Mumbai, Novembala 2008, anthu oposa 160 anaphedwa. Msika unatsekedwa tsiku limodzi. Utatsegulidwa, apolisi ndi asilikali akumenyanabe ndi zigawenga mu hotela ya Taj, unakwera pang'ono.

Ndikudziwa chimene mukulemba panopa: “Nanga 11 Seputembala?” Chabwino, tiione yomweyo, chifukwa chiwembu cha ku America cha mu 2001 chija ndi chimene chinagunda pakati penipeni pa msika wa mabondi. Kampani ya Cantor Fitzgerald, imodzi mwa zikuluzikulu zolumikizitsa ogula ndi ogulitsa mabondi a boma la America, inali pamwamba pa nsanja yakumpoto ya World Trade Center. Inataya antchito 658 tsiku limodzi. Mawaya a lamya anaduka, mabanki ena sankadziwa kuti ndani ali ndi ngongole kwa ndani. Msika wa masheya wa New York unatsekedwa mpaka pa 17 Seputembala, nthawi yaitali kwambiri chiyambire 1933, ndipo tsiku lotsegula Dow Jones, mlingo wa makampani akuluakulu 30 a ku America, inagwa ndi 7 peresenti. Sabata yonseyo inagwa ndi 14 peresenti. Zimenezo n'zoona, sindikuzikana.

Koma onani mbali inayi. Malonda a mabondi anayambiranso pa 13 Seputembala, patangotha masiku awiri. Ndipo anthu sanathawe mabondi a America, anawathamangira! Mitengo ya mabondi a zaka zochepa inakwera, chiwongola dzanja chinatsika. Dziko limene linaukiridwa ndi limene anthu anapita kukabisako ndalama zawo. Vuto linali lakuti zikalatazo zinkasowa pamsika, moti pa 4 Okutobala unduna wa zachuma unachita kugulitsa mwadzidzidzi mabondi ena a zaka 10, a madola 6 biliyoni, kuti malonda ayende. Banki yaikulu, Federal Reserve, inathira ndalama m'mabanki, inatsitsa chiwongola dzanja ndi theka la peresenti pa 17 Seputembala, ndipo inagwirizana ndi European Central Bank zosinthana ndalama mpaka madola 50 biliyoni kuti mabanki a ku Ulaya asasowe dola. Patatha mwezi umodzi, S&P 500, mlingo wa makampani akuluakulu 500 a ku America, inali itabwerera pomwe inali chiwembu chisanachitike.

Andrew Chen ndi Thomas Siems mu 2004 anafufuza ziwembu ndi nkhondo zadzidzidzi 14 kuyambira 1915, ndipo anapeza kuti misika ya America masiku ano imachira msanga kusiyana ndi kale. Chifukwa chachikulu chimene anapereka ndi mabanki okhazikika amene amatha kupereka ndalama pa nthawi ya mantha.

Palinso kabodza kena kamene kamayenda limodzi ndi bodza lalikululi, kakuti zigawenga zinadziwiratu n'kubetcha kuti masheya a makampani a ndege agwa. Malonda achilendo analipodi pa United Airlines masiku ochepa chiwembu chisanachitike. Bungwe lofufuza za 11 Seputembala linapeza kuti 95 peresenti ya malonda a pa 6 Seputembala obetcha kuti masheya a United agwa anachita ndi kampani imodzi ya ku America, yosakhudzana ndi al-Qaeda, ndipo kampani yomweyo inagula masheya 115,000 a American Airlines pa 10 Seputembala. Munthu wodziwa kuti mawa ndege ya kampaniyo ibedwa angagule masheya ake lero? Ganizani bwino. Zimandipweteka kuti patha zaka zoposa 20 anthu akutumiziranabe nkhaniyi pa WhatsApp osatchula mbali imeneyi.

Mwa njira, pafupifupi aliyense amene amaonera mpaka pano amakhala sanadine like. Dinani, n'zimene zimachititsa kuti YouTube ionetse kanemayu kwa ena.

Chachisanu. Kodi ndiye kuti uchigawenga sukhudza misika n'komwe? Umakhudza, ukakhala wosatha. Rafi Eldor ndi Rafi Melnick anaunika ziwembu 639 za ku Israel kuyambira 1990 mpaka 2003. Anapeza kuti mabomba odzipha nawo ankasiya chilonda chosapola pa masheya ndi pa ndalama ya shekel, ndipo msika sunazolowere. Ku Spain, Alberto Abadie ndi Javier Gardeazabal mu 2003 anachita chinthu chimene ine chimandisangalatsa kwambiri. Anafuna kudziwa kuti chigawo cha Basque chikanalemera bwanji pakanapanda gulu la zigawenga la ETA, limene linkafuna kuti chigawocho chidziimire pachokha. Popeza kulibe Basque wachiwiri wamtendere woti afanizire, anamupanga pa kompyuta, posakaniza ziwerengero za zigawo zina za Spain zimene zinkafanana ndi Basque chiwawa chisanayambe. Basque weniweni anatsalira m'mbuyo ndi pafupifupi 10 peresenti pa chuma cha munthu mmodzimmodzi. ETA itaimika nkhondo mu Seputembala 1998, masheya a makampani a m'chigawocho anakwera kuposa ena, itayambiranso anatsika. Njira yawo ija yopanga chigawo pa kompyuta pano ikugwiritsidwa ntchito pofufuza nkhani zambirimbiri zosakhudzana ndi zigawenga.

Tili pa chachisanu ndi chimodzi eti? Eya. Apa ndi pamene ndale zimalowera, ndipo apa ndi pamene wogula bondi amatcherapo khutu.

Bungwe lofufuza lija linawerengera kuti chiwembu cha 11 Seputembala chinadyera al-Qaeda madola pakati pa 400,000 ndi 500,000. Akatswiri a Costs of War pa yunivesite ya Brown anawerengera mu 2021 kuti nkhondo zimene zinatsatira zidyera America pafupifupi madola 8 thiriliyoni, kuphatikizapo chithandizo cha asilikali ovulala ndi chiwongola dzanja. Nkhondozo sanazilipire pokweza misonkho. Misonkho inatsitsidwa mu 2001 ndi mu 2003, ndipo ndalama za nkhondo zinali zobwereka. Kubwereka kumatanthauza mabondi.

Bwererani ku Paris komwe tinayambira. Lolemba lomwe lija msika sunagwedezeke, Pulezidenti François Hollande anauza aphungu ku Versailles kuti pangano la chitetezo liposa pangano la kasungidwe ka chuma. Tanthauzo lake: lamulo la European Union loti bajeti isaperewere kuposa 3 peresenti ya chuma cha dziko lidikire kaye, France ilembe apolisi ambiri. Ku Madrid, likulu la Spain, mabomba a m'sitima a pa 11 Malichi 2004 anaphulika kutatsala masiku atatu kuti chisankho chichitike. Chipani cholamula chinagonja, José Luis Rodríguez Zapatero analowa n'kuchotsa asilikali ku Iraq. Msika wa Madrid unagwa kwambiri Lolemba la pambuyo pa chisankho kuposa tsiku la mabomba lenilenilo.

Koma imene imandikhudza mtima ndi Sri Lanka. Pa Isitala, 21 Epulo 2019, mabomba m'matchalitchi ndi m'mahotela anapha anthu oposa 250. Alendo oona malo anachepa, madola anachepa. Mu Novembala chaka chomwecho Gotabaya Rajapaksa anapambana chisankho polonjeza chitetezo, ndipo atangolowa anadula misonkho, VAT kuchoka pa 15 kufika pa 8 peresenti. Kenaka kunabwera Covid-19, kenaka analetsa feteleza wa m'mafakitale mu 2021. Mu Epulo 2022 dzikolo linaleka kulipira ngongole zakunja, ndipo ndalama yake ya rupee inachoka cha m'ma 200 pa dola kufika kupitirira 350 m'miyezi yochepa. Bomba silinagwetse rupee tsiku la Isitala. Linathandiza kusintha amene akulamula, ndipo zimene olamulawo anasankha ndi zimene obwereketsa anaziwerengera.

Akatswiri ena anaitembenuza nkhaniyi. M'malo mofunsa kuti zigawenga zimautani msika, anafunsa msika ngati ndondomeko za boma zikugwira ntchito. Asaf Zussman ndi Noam Zussman mu 2006 anaona kuti Israel ikapha mtsogoleri wa asilikali a gulu lomenya nkhondo la ku Palestine, msika wa Tel Aviv unkakwera, koma ikapha mtsogoleri wandale, unkatsika, kusonyeza kuti eni ndalama ankayembekezera chiwawa chochuluka. Michael Greenstone mu 2007 anayang'ana mabondi a boma la Iraq amene nthawi yake yobweza ndi 2028, napeza kuti America itawonjezera asilikali chaka chimenecho, msika unayamba kuona kuti mpata woti Iraq ilephere kulipira wakula ndi pafupifupi 40 peresenti. Ine njirayi ndimaikonda, koma ndimaiopanso. Iraq ija inapitiriza kulipira mabondiwo. Msika umakuuzani zimene anthu a ndalama akukhulupirira tsiku limenelo, ndipo amatha kuphonya.

Chomaliza, ndingochikhudza chifukwa nthawi yatha. Bungwe la mayiko lotchedwa FATF (Financial Action Task Force), limene likulu lake lili ku Paris, linakhazikitsidwa mu 1989 kuti lilimbane ndi kubisa ndalama zakuba, ndipo mu Okutobala 2001 linawonjezera ndalama zothandizira zigawenga. Dziko likaikidwa pa mndandanda wake wa mayiko oyang'aniridwa, monga zinachitikira Pakistan kuyambira 2018 mpaka 2022, mabanki akunja amayamba kulikayikira. Kafukufuku wa akatswiri awiri a IMF mu 2021 anapeza kuti ndalama zolowa m'dziko loterolo zimatsika ndi pafupifupi 7.6 peresenti ya chuma chake. Palibe bomba limene laphulika pamenepo, ndi msonkhano wa ku Paris wokha.

Mndandanda umenewu ndi umene tikambirane sabata yamawa: dziko limalowamo bwanji, limatulukamo bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani munthu wamba wotumiza ndalama kwa makolo ake ndi amene amayamba kufunsidwa zikalata zambiri kubanki. Dinani kabelu kuti usakupiteni. Amene munalemba 10 kapena 20 peresenti poyamba paja, musafufute, ndikufuna ndiwerenge kuti munalipo angati.