Kubisa Dzina la Wi-Fi Sikuteteza Bizinesi Yanu: Konzani Router Chonchi

Moni anzanga, takulandiraninso! Lero titsekula router ya mu ofesi: tiyamba ndi chitetezo, kenako tikonza zoti Zoom isamadukeduke. Musachoke msanga, pa nambala 3 pali bodza limene limandikwiyitsa zedi.

Choyamba, lowani mu router. Pa browser lembani 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, adiresi yeniyeni imalembedwa kunsi kwa routeryo. Sinthani pasiwedi ya admin. Basi, tapita.

Chachiwiri, pa Wireless Security sankhani WPA3, yomwe inabwera mu 2018. Printer yakale ikakana, ikani WPA2 ya AES. WEP musaiyerekeze, inathyoledwa kalekale. Zimitsaninso WPS, njira yolumikizira zipangizo ndi PIN kapena batani m'malo mwa pasiwedi: PIN yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziwiri, ndiye wakuba akayesa ka 11,000 waipeza. Izi zinaululika mu 2011.

Chachitatu tsopano, khalani bwino. Mumamva anthu akuti, "Bisani SSID, dzina la Wi-Fi yanu, palibe angakuoneni." Bodza limenelo! Router imalengeza kupezeka kwake pafupifupi ka 10 pa sekondi iliyonse, kudzera mu timauthenga totchedwa beacon. Mukadina "Hide SSID", timauthengato sitisiya kutuluka, dzina lokha ndi limene limachotsedwamo. Munthu amene ali ndi pulogalamu younikira netiweki ngati Wireshark kapena Kismet akuionabe netiwekiyo. Angodikira foni imodzi ilumikizane, ndipo dzina lija latuluka poyera, chifukwa foniyo imayenera kulitchula, ndipo gawo limenelo silibisidwa ngakhale muli pa WPA2. Mwachotsa chikwangwani pakhomo, koma loko ndi yemwe uja.

Ndipo mwadziwonjezera vuto. Popeza router sikutchula dzina, mafoni ndi malaputopu a antchito anu ndi amene amayamba kulifunsa, ngakhale ali kutali ndi ofesi. Dzina lomwe mumabisa lija akuliyendetsa okha! Ndikudziwa, wina walemba kale mu ndemanga kuti "nanga MAC filtering?" Achimwene, n'chimodzimodzi. MAC filtering imangolola zipangizo zomwe mwalemba adiresi yake ya MAC, nambala yozindikiritsa chipangizo chilichonse, koma adiresiyo imaoneka mumlengalenga, ndipo kuikopera n'kosavuta. Chimene chimatsekadi ndi pasiwedi yaitali, WPA2 imalola zilembo mpaka 63.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani subscribe ndi kabelu kaja, zimathandiza kwambiri channel ino.

Chachinayi, makasitomala apatseni Guest Network, ndipo muletse kuti isafike pa makompyuta a ofesi.

Chomaliza, QoS. Mvetsetsani: siiwonjezera liwiro la intaneti, imangosankha amene ayambe kudutsa njira ikadzaza. Yesani liwiro lanu pa Speedtest ndi kompyuta yolumikizidwa ndi waya, pamene ena sakugwiritsa ntchito. Mu QoS lembani pafupifupi 85 kapena 90 peresenti ya zomwe mwapeza, makamaka pa upload. Mukalemba zonse, mzere umakapangika kwa kampani yokupatsani intaneti, kumene router yanu ilibe mphamvu. Kenako ikani mafoni a VoIP (oimba kudzera pa intaneti), Zoom ndi makina olipirira pa High, ma backup ndi ma update pa Low. Musaike zonse pa High, chonde, pamenepo ndiye kuti simunasankhe kanthu. WMM, yomwe ndi QoS ya pa Wi-Fi, isiyeni yoyaka.

Dinani Save, router iyambirenso, ndiye muimbe Zoom wina akutumiza failo yaikulu. Lembani mu ndemanga mtundu wa router yanu, vidiyo yotsatira tikambirana za VLAN.