Mawu a M'mawa: Mmisiri Amene Ankakumba Mozama

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, ndi inu a kutsidya ku East Bank. Mawu athu lero akuchokera pa Luka 6:47-49, ndipo ndikupempha kuti tiwawerenge tikukumbukira bambo athu aja tinawaperekeza kumanda sabata yathayi. Ambirife dzina lawo sitinkalitchula n'komwe, tinkangoti Amisiri.

Pa ndimeyi Ambuye Yesu akunena za anthu awiri omanga nyumba. Woyamba anakumba pansi, nakumbabe, mpaka anayala maziko ake pathanthwe. Winayo anangoyamba kumanga pamwamba pa nthaka, wopanda maziko. Chigumula chitabwera, mtsinje unagunda nyumba zonse ziwiri, ina inaima, ina inagwa nthawi yomweyo. Anzathu a kumtunda akamawerenga mawuwa amachita kuyerekeza m'maganizo. Ife a kuchigwa kuno mtsinje wogunda nyumba tinauona ndi maso mu Januwale 2015, tinauonanso ndi namondwe Idai mu 2019, kenako namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anaononga damu la ku Kapichira mpaka dziko lonse kuvutika ndi magetsi, ndiye kudzabwera Freddy mu Malichi 2023.

Kuno thanthwe ndi losowa. Malo ambiri ndi makande, dothi lakuda lija limene mwezi wa Okutobala limang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana, koma mvula ikagwa limafufuma n'kukhala phala. Nyumba yokhala pa dothi lotere imakankhidwa chaka ndi chaka, ndipo ngati maziko ali osaya, khoma siliyembekezera chigumula, limayamba lokha kung'ambika pakona ndi pamwamba pa zenera. Amisiri zimenezi ankazidziwa bwino. Anyamata awo akakumba ngalande ya maziko n'kunena kuti, "Madala, apa pakwana," iwo ankatsikiramo, kugogoda pansi ndi piki, n'kuyankha kuti, "Ayi ana anga, tikadali pa makande. Tiyeni pansi." Dzuwa la kuno mukulidziwa. Kukumba ngalande kuli ng'aa si masewera, n'chifukwa chake ankayamba ntchito tambala atangolira, kuti pofika masana akhale atapuma pansi pa mtengo.

Eni nyumba ena ankadandaula nawo. Munthu wagulitsa thonje kapena mbuzi zake, akufuna aone khoma likukwera msanga anansi adziwe kuti akumanga, koma mmisiri watha masiku ali m'dzenje. Kenako konkire ikathiridwa, iwo n'kulamula kuti izithiridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, chifukwa kutentha kwa kuno kumaumitsa simenti isanagwirane, ndipo youma msanga imafumbutuka. Njerwa ankaziviika kaye m'madzi asanaziyale. Maziko ankawakweza pamwamba pa nthaka kuti madzi oyenda pabwalo asalowe m'nyumba, n'kuyalapo pepala lakuda lija kuti chinyontho chisakwere khoma. Akapeza mwini nyumba wosauka amene wangokwanitsa matumba ochepa a simenti, ankamulangiza kuti, "Simenti yonseyi ilowe pansi ndi mizere yoyambirira. Pamwamba timanga ndi dothi, denga tilitulutse kunja kuti lizitchinga khoma. Pulasitala mudzapaka chaka chimene Mulungu adzakupatseni." Amene tinaona nyumba za zidina zikusungunukira m'madzi kuyambira pansi tikumvetsa chimene ankanena.

Apa ndi pamene pali mtima wanga m'mawa uno. Ngalande ya maziko ikakwiriridwa, palibenso munthu adzaone zimene zili m'menemo. Mmisiri akhoza kuchepetsa simenti, kuchulutsa mchenga, matumba awiri n'kukagulitsa kuseri, ndipo mwini nyumba adzamulipira akumwetulira chifukwa khoma lawongoka ndipo utoto ukuwala. Chinyengocho chimadzaoneka patapita zaka, wonyengayo atasamuka kale. Amisiri athu ankagwira ntchito yobisikayo mosamala kuposa yoonekayo. Theka la thumba likatsala ankaitana mwini wake n'kumuonetsa kuti, "Iyi ndi yanu, isungeni pouma." Sindinawamvepo akulalikira pa Akolose 3:23, pamene Paulo akuti chilichonse tikuchita tizichita ndi mtima wonse monga tikuchitira Ambuye osati anthu, koma vesi imeneyi ine ndinaimvetsa poona manja awo.

Amisiri sanali munthu wokhala m'nyumba. Ntchito ikangoima, iwo ali pabwato m'dambo la Elephant Marsh, akuonjola mono, kubwera ndi milamba ndi makakana. Ankadziwa pobisala ng'ona, ankadziwa njira ya mvuu ndi nthawi yoipatukira, ndipo chaka cha njala ankadziwa kokazula nyika, mizu yodyedwa ya m'dambo, kuti ana asagone ndi njala. Ali mnyamata ankasaka ndi agalu, koma anadzasiya okha, ndipo nyama zitayamba kubwerera ku Majete kuchokera mu 2003 ankakondwera nazo, n'kumauza adzukulu awo kuti boo wa ku Lengwe ayenera kudzaonedwanso ndi ana awo. Salimo 104 ndiye inali yawo, ija imatamanda Yehova chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito zake, akasupe a m'zigwa, mbalame za m'mitengo ndi nyama zotuluka usiku.

Kuyenda kunja kumeneko n'kumene kunawaphunzitsa kuwerenga mtsinje. Ankatiuza kuti madzi otimiza ife si a mvula yathu ayi. Amachokera kumtunda, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Mwanza. Ruo akadzaza n'kufika pa Chiromo ndi mphamvu, amatsekereza Shire, madzi n'kuyamba kubwerera m'mbuyo kudzaza madambo ndi midzi. Choncho kuno kukhoza kukhala kuli dzuwa, iwo akayang'ana mitambo yakuda pa mapiri a kum'mawa n'kuona madzi a mumtsinje asintha mtundu, ankauza a kunyumba kwawo kuti, "Amake ana, mapira aja tiwakweze lero." Madzi a 2015 ataphwa anasamutsa banja lawo kupita pamalo okwera. Dimba sanalisiye, ankatsikirabe kukalima chimanga ndi mbatata, koma pogona ana anati pakhale pamtunda. Ena ankawanena kuti ndi amantha. Ine ndimati chinali chikondi, ndipo munthu wopemphera amene wachenjezedwa n'kukhalabe m'njira ya madzi sakuonetsa chikhulupiriro, akuyesa Mulungu.

Za banja lawo ndinene pang'ono, chifukwa mayi athu ndi ana akadali m'misozi. Tonse tikudziwa amisiri aluso amene tsiku lolandira ndalama amakagona kumowa, kunyumba kukudontha. Koma Amisiri athu akalandira, kaya ntchito inali ya konkuno kaya anakwera msewu wa Thabwa kukamanga ku Blantyre, ndalama inkafika pamphasa, n'kuwerengera limodzi ndi mayi: iyi ya fizi, iyi ya chakudya, iyi ya kutchalitchi. Mchimwene wawo atamwalira anatenga ana amasiye n'kuwalera pamodzi ndi awo, ndipo mlendo sakanatha kuloza kuti wobereka ndi uyu, wolera ndi uyu. Usiku wa kutentha, banja lonse litayala mphasa panja, ankayambitsa nyimbo ndi mawu awo okhuthala aja, kenako mwana mmodzi n'kupemphera. Atsikana anawatumiza kusukulu mofanana ndi anyamata, ngakhale panali achibale owauza kuti akutaya ndalama.

Tsopano pali chinthu china chimene sindingachibise, chifukwa mawu a m'mawa asamakhale otonthoza ndi bodza. Freddy atabwera, nyumba zina zimene Amisiri anamanga zinapita. Zinali zomangidwa bwino, koma mtsinje unasiya njira yake n'kudya nthaka yonse pamodzi ndi maziko. Ndipo m'madzi amenewo munapita anthu opemphera, amvano, akwaya, ana a Sande sukulu. Choncho tisamatenge fanizo la Yesu ngati lonjezo lakuti wokhulupirira madzi adzamulambalala. Werenganinso bwino: mtsinje unagunda nyumba zonse ziwiri. Komanso nyumba imene Ambuye akunena si ya njerwa, ndi munthu amene amabwera kwa Iye, kumva mawu ake, n'kuwachita. Munthu wotereyo ndi amene ife tinamuona madzi ataphwa. Amisiri anali atakalamba, msana ukuwavuta, dimba lawo litakwiririka ndi mchenga, koma anatenga levulo ndi chingwe chawo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi amasiye ndi agogo, kuwadzutsira makoma osalandira kanthu. Wina akafuna kuwapatsa nkhuku, ankangoti, "Takhuta, mayi, koma idyeni ndi adzukulu." Sanatukwane Mulungu, sanaumitsenso mtima pa anthu. Zimene anaziika pansi pa moyo wawo zaka zonse zija, palibe akuona, ndi zimene zinawanyamula pamenepo.

Kumva mawu timamva, abale anga. Mafoni athu amadzaza ndi mavesi dzuwa lisanatuluke, ndipo timayankha Ameni mwachangu. Zimenezo si zoipa. Koma womanga wopanda maziko uja nayenso anamva, Yesu akunena momveka kuti anamva koma sanachite. Kukumba ndi kuchita kumene palibe wotiombera m'manja: wogulitsa nsomba pamsika kubweza chenji chonse kwa gogo wosaona bwino, wakabaza kunena mtengo umodzi kwa mlendo ndi kwa mnansi, wolemba mayina a olandira thandizo la chigumula kulemba okhawo amene anakhudzidwadi, bambo kufika kunyumba ndi malipiro ake onse, wachinyamata kukana chimene akudziwa kuti makolo ake sakanachimva n'komwe. N'zopweteka, n'zochedwetsa, ndipo anzako amene sakumba amaoneka ngati akukupitirira. Lero lomwe lino aliyense wa ife akumana ndi malo amodzi otere, mwina tisanadye n'komwe nsima ya masana.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha moyo wa bambo athu amene mwawaitana. Tonthozani mayi athu, ana ndi adzukulu, ndipo musalole kuti achibale awalande chimene bambo anawasiyira. Kumbukirani anyamata amene anaphunzira ntchito m'manja mwawo, kuti atenge kukhulupirika kwawo pamodzi ndi luso. Tetezani onse amene alawirira kukakumba maziko, kukadula nzimbe, kukalima kudimba ndi kukavuula mono pakati pa ng'ona. Tithandizeni kuchita mawu anu pamene palibe wotiona. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Abambo ndi achinyamata a mumpingo, musaiwale kuti Amisiri atisiyira ntchito ya nyumba ya agogo amene ankawamangira ili pa maziko. Ana awo avomera kutibwereka zida za bambo awo, ndiye Loweruka tikumane komweko 5 koloko m'mawa kusanatenthe. Bwerani ndi mafosholo ndi mawilibala. Madzi othirira konkire adzafunika ambiri, choncho amene muli ndi njinga ndi zigubu musazisiye kunyumba.