Mboni Ziwiri za Yezebeli

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mmawa uno tiwerenge 1 Mafumu 21, nkhani ya kuphedwa kwa Naboti, koma tiyambe taona mmene apolisi amafufuzira mlandu wakupha.

Munthu akaphedwa m'nyumba ya anthu olemera ndi olemekezeka, wapolisi wofufuza amayamba ndi kutchinga malowo n'kulemba dzina la aliyense wolowa. Amafulumira chifukwa m'nyumba zotere antchito ndi ambiri, ndipo wina amakhala atauzidwa kale kuti akolope. Komatu magazi sachoka ndi madzi okha: akapopera mankhwala otchedwa luminol mumdima, pamene panali magazi pamawala mwa buluu. Zovala zamagazi amaziumitsa n'kuziika m'thumba la pepala, chifukwa m'pulasitiki zimachita nkhungu ndipo DNA, imene imadziwitsa mwini magaziwo, imawonongeka. Mtembo nawonso umachitira umboni. Umayamba kuuma pakatha maola 2 mpaka 6, ndipo magazi amadikha kumbali imene wagonera. Ukapezeka chafufumimba koma kumsana n'komwe kwadera, dziwani kuti wina anausuntha.

Ntchito yovuta ili pa anthu. Mboni amazifunsa imodziimodzi, kutali ndi bwana, popeza wantchito sangalankhule momasuka pamaso pa amene amamulipira. Awiri amene anaonadi chinthu amasiyana pa tinthu ting'onoting'ono. Akamanena zofanana mawu ndi mawu, wofufuza amakayikira kuti anachita kuphunzitsidwa. Kenako amafunsa: wapindula ndani ndi imfayi?

Taonani tsono mlandu wa Naboti wa ku Yezreeli. Anakana kugulitsa munda wake wamphesa kwa Mfumu Ahabu chifukwa unali cholowa cha makolo ake. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, sanagwire mwala ngakhale umodzi. Analemba makalata m'dzina la mwamuna wake, nadinda chidindo cha mfumu, natumiza kwa akulu ndi omveka a mumzindamo. Akuluwo analengeza kusala kudya kuti zioneke zopatulika. Chilamulo chinkafuna mboni ziwiri kapena zitatu kuti munthu aphedwe (Deuteronomo 17:6), ndiye anapeza ziwiri, zonena chimodzimodzi kuti Naboti watemberera Mulungu ndi mfumu. Naboti anaponyedwa miyala kunja kwa mzinda, ndipo 2 Mafumu 9:26 ikutiuza kuti magazi a ana ake anakhetsedwanso. Otsala oti n'kulowa m'mundamo panalibe.

Pa maso pa anthu zonse zinayenda mwadongosolo. Palibe mkulu amene anadzudzula, pakuti ndani angatsutse chidindo cha mfumu? Mulungu sanatume Eliya kwa oponya miyala kapena kwa mboni zija. Anamutuma kumunda, komwe anapeza Ahabu atapita kukautenga, namufunsa ngati wapha n'kulandanso. Mfumu imene inangogona pabedi n'kukana kudya, ena akuichitira ntchito yonyansayo, ndi imene inatchedwa wakupha.

Apa m'pamene pakundilasa ine, mwinanso inu. Ambirife sitinaphepo munthu, koma timadziwa kusainira chinthu osafuna kuwerenga, kukhala chete mnzathu akunamiziridwa, n'kudzalandira malo ake ngati mdalitso. Ahabu atamva mawu a Eliya anang'amba zovala zake, navala chiguduli, nasala kudya, ndipo Mulungu anaona kudzichepetsa kwakeko.

Tipemphere: Atate, tionetseni munda umene tikuyendamo lero koma si wathu. Tipatseni mphamvu yoti tiubweze kwa mwini wake, ndi yokana kukhala mboni yachiwiri pa bodza la wina. M'dzina la Yesu, Amen.