Kodi ovutika maganizo achulukadi? Zomwe anayankhula namwino pamsonkhano wa m'mudzi ku Chipata

Zikomo a mfumu, zikomo anduna, amayi ndi abambo nonse. Ana kumbuyoko khalani pansi.

Chandibweretsa ndi uthenga uja ukuzungulira pa WhatsApp, woti anthu ovutika maganizo achuluka kuno kuposa kale. Ena mwafika kale ponena kuti dera lino lalodzedwa. Makamaka inu a kumsika, foni ikangolira mumatumiza musanawerenge n'komwe. Tamverani: uthengawu ukuyerekeza manambala a akafukufuku, koma akafukufuku amene anabwera kale aja ndi amene abwera chaka chino sanafunse mafunso amodzimodzi. Manambala a mapepala awiri osiyana sitiwayerekeza.

Akale aja ananyamula pepala la mafunso lotchedwa SRQ-20, la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Mafunso 20, yankho inde kapena ayi, ndipo amafunsa za masiku 30 apitawo. Mmenemo muli kuwawa mutu, kunjenjemera manja, m'mimba kusayenda bwino. Ndiye taganizani mayi amene wangodzuka kumalungo. Mutu? Inde. Nsima ikukanika? Inde. Kutopa? Inde. Manambala akwera kale, za mumtima asanazifike. A chaka chino ananyamula PHQ-9, mafunso 9 a milungu iwiri yokha. Ili silikhutira ndi inde, limafuna kudziwa kangati: masiku ochepa, masiku oposa theka, kapena pafupifupi tsiku lililonse. Yankho lililonse lili ndi malikisi ake, onse pamodzi amatha kufika 27, ndipo wofika 10 ndiye timati aonedwe bwino. Za mutu ndi m'mimba mulibemo. Wina wapima chimanga ndi meda, wina ndi thini, kenako n'kumakangana kuti wakolola kwambiri ndani!

Nyengonso. Akale anatipeza titakolola, mtedza uli padenga. Awa atipeza mu Januwale, ufa watha, ana akufuna za kusukulu. Ndani amagona tulo mu Januwale?

(Ambuya ena: Ndiye mukuti palibe akudwala? Nanga wa kwathu uja wangokhala chete m'nyumba?)

Ayi ambuya, sindinatero, ndipo mwachita bwino kufunsa. Matendawa alipo, ndi enieni, amachizika. Chomwe ndikukana ndi mawu akuti "achuluka". Mwina achulukadi, mwina achepa, mapepala awiriwa paokha sangatiuze. Akatswiri akafuna kudziwa amatenga gulu limodzi la anthu, n'kulifunsa mapepala onse awiri tsiku lomwelo, kuti aone kuti wopeza zakuti papepala ili amapeza zingati pa linzake. Akatero ndiye amabwerera ku manambala akale. Komanso pepala silimuuza munthu kuti wadwala, limangolozera amene akufunika kukhala pansi ndi dokotala. Wa kwanuyo musadikire kafukufuku, ambuya, mubwere naye kukiliniki. Zikatikulira timatumiza ku Chipata Central Hospital. Ndipo pali funso limodzi lili m'mapepala onse awiri, la maganizo odzipha. Munthu akatchula zimenezo musamusiye yekha, musamuseke, bwerani naye tsiku lomwelo.

Ndaona abambo ayamba kuyang'ana njinga, ndifulumire. Mukamva nambala, funsani pepala lake ndi liti, anafunsa mwezi wanji, anafunsa ndani, amayi a kusikelo okha kapena mudzi wonse. Akabweranso ofunsa, yankhani zoona, osati zoti mwina kubwera fetereza. Manambala a mapepala osiyana sitiwayerekeza, mwamva? Uthenga uja fufutani. Ambuya, inu mutsale pang'ono tikambirane.